Loko Wachitatu pa Chitseko cha Seva

Lolemba

Pa bolodi pakhomo la ofesi pali chikalata cha bwana Nyirongo, mkulu wa bungwe lathu. Ndikuchikopera pano ndi ulemu wonse:

"Zolembedwa zonse za mijigo ya m'dera lathu zili pamalo otetezeka kotheratu. Palibe munthu wakunja amene angazikhudze. Zidzatumikira ife ndi mibadwo ya m'tsogolo."

Siginecha. Chidindo. Mapini anayi.

Zolembedwazo ndinazitaipa ndine. Zaka zinayi, zala ziwiri. Mjigo uliwonse umene bungwe limayang'anira kumwera kwa Mzimba uli ndi tsamba lake mu wiki yathu, buku la pakompyuta lomwe tonse timatsegula ndi kulembamo. Kuya kwake, mapaipi angati, silinda ya mtundu wanji, chinathyoka n'chiyani, anakonza ndani. Amakaniko a m'midzi amaliona pafoni, netiweki ikakana amabwera kwa ine. Mapepala akale tinawatentha chaka chatha kuseri kwa ofesi, pamwambo, alendo akuwomba m'manja. Machesi ndinayatsa ndine.

8 koloko. Imelo ya ofesi, imene ndimatsegula ndine ndekha. Muli kalata yochokera kwa opanga pulogalamu ya wiki. Chingerezi chouma. Ndikuiwerenga katatu.

Ikunena izi. Mbali ya pulogalamu yolandira zithunzi ili ndi vuto. Munthu ali kulikonse padziko akhoza kutumiza chinthu chooneka ngati chithunzi, m'kati atabisamo malamulo, ndipo seva, kompyuta yaikulu yosunga wiki, imawawerenga n'kuwachita osafunsa kuti achokera kwa ndani. Ngati mesenjala amene amathamangira kapepala kalikonse koponyedwa pazenera. Mankhwala ake: kuika pulogalamu yatsopano, msanga. Nambala ya pulogalamu imalembedwa pansi pa tsamba lililonse. Yabwino imathera pa 9. Yathu ikuthera pa 4.

Dongosolo langa, lithe pofika Lachisanu:
1. Kuuza bwana.
2. Kukopera masamba onse pa fulashi.
3. Kupeza pasiwedi ya seva kwa a Gondwe.
4. Kuika pulogalamu yatsopano.
5. Kupuma.

A Gondwe ndiwo katswiri wathu wa makompyuta. M'mafayilo ali patchuthi. Mzimba yense akudziwa kuti ali ku Joni kuyambira mvula isanagwe. Kapu yawo ikadali pashelefu, palibe woyerekeza kumweramo.

Nambala 1. Ndasindikiza kalata ija ndi inki yomaliza. Bwana akuvala magalasi.

"Munthuyo alowera pati?"

Ndikuti salowa, bwana, amakhala kwawo.

"Ndiye vuto lili pati?"

Ndikufotokoza za mesenjala. Akuseka ndi mapewa. "Akalaliki, kunja kuli munthu wodziwa kuti kuli Mzimba? A ku Lilongwe enieniwa amatiiwala."

Ndikuti akubawo sasankha, makina awo amangogogoda paliponse, potseguka n'kulowa. Akundiyang'ana monga amayang'anira munthu wa ku Dedza ngati ine akamawaphunzitsa za ng'ombe. Akudinda kalatayo kuti yalandiridwa. Akuti achitapo kanthu.

Mawu amenewa andiopsa kuposa imelo.

Lachiwiri

Achitapo kanthu!

Pofika ine, wowotcherera zitsulo ali kale m'khonde, moto ukuthetheka. Chipinda cha seva chinali ndi maloko awiri. Tsopano chili ndi chitseko chachitsulo pamwamba pa chamatabwa, ndi loko wachitatu, wamkulu ngati chibakera. Bwana akumugwedeza okha katatu. Sakusuntha. Kiyi akumuika pamulu wa makiyi awo, ine ndikuona.

Memo yatsopano pa bolodi, pansi pa chikalata chija:
(a) Palibe wolowa m'chipinda cha seva popanda chilolezo cholembedwa ndi mkulu wa bungwe, chosainidwa ndi chodindidwa.
(b) Mafulashi onse ndi oletsedwa, chifukwa ndiwo amabweretsa matenda m'makompyuta.
(c) Antchito apewe kufalitsa mantha.

(c) ndine.

Fulashi yanga atenga mayi NyaTembo, oyang'anira ofesi, osunga zidindo, shuga ndi makiyi a makabati. Aiika mu envulopu, alemba dzina langa ndi tsiku. "Ndapota, akalaliki, musandiyang'ane choncho. Ine nkhutsata waka memo." Ndi munthu wabwino. Mwana wanga atadwala anabwera kuchipatala ndi phala m'fulasiki. Koma pepala likakhala ndi chidindo, amalilemekeza kuposa abusa.

Nambala 2 yafa isanabadwe.

Zimene zatsekeredwa m'chipinda muja:
– seva
– mabatire a sola
– kabokosi ka intaneti ndi waya wake
– mpando wa a Gondwe
– tsache la ofesi

Mwa zonsezi, chimene chadzutsa mkangano lero ndi tsache.

Masana ndikubwereranso kwa bwana. Ndikuti loko ndi wabwino ndithu, koma wakubayo sabwera ndi miyendo, amadzera pawaya. "Wayayo ali kuti?" Ali m'chipinda. "Chipinda chili bwanji?" Chokhoma. Akutambasula manja. Mlandu watha. Akundiuza kuti satifiketi yanga ya makompyuta ndi ya miyezi itatu, ndisamaiiwale. Sindimaiiwala. Amandikumbutsa.

Nambala 3. Foni ya a Gondwe: kulibe. Nambala yachiwiri akuyankha mayi wolankhula Chizulu. Nambala yachitatu ikulira mpaka kutopa. Mayi NyaTembo akuti anthu a ku Joni amasintha nambala ngati masokosi, wodziwa ndi mkazi wawo yekha, ku Manyamula, ndipo pafoni sanganene. Amaopa a boma, amaopa angongole, amaopa akazi ena. Ndipite ndekha.

Ndapempha tsiku la mawa. Ndalemba kuti ndikukaona mijigo.

Ndisanaweruke ndikutsegula wiki. Zonse zilipo. Ndikungoyenda m'masamba ngati munthu woyendera munda mitambo ya matalala ikubwera.

Lachitatu

Kabaza wa njinga yamoto. Fumbi m'mano, m'makutu, m'thumba la shati. Msana ndausiya penapake pamsewu wa Manyamula.

Kwa a Gondwe sufika n'kufunsa nambala. Akundipatsa mpando pansi pa mtengo wa mango. Akubwera bambo awo kudzandilonjera. Amalume awo. Mayi awo. Azakhali awiri, aliyense payekha, mwadongosolo, kufunsa za kunyumba, za ana, za ku Dedza kumene sanafikeko. Chindongwa, thobwa la kuno, m'kapu ya pulasitiki. Ine yewo, yewo, yewo chomene, maso pawotchi. Ola limodzi ndi theka. Kwinakwake padziko makina akugogoda makomo zikwi, ine ndikufotokoza kuti chifuwa cha mwana chinapola.

Mkazi wawo akubwera pomaliza, akugwada patali. "Mwabwera kudzawachotsa ntchito?" Ndikulumbira kuti ayi. Nambala sakundipatsa. Akutenga foni yawo, ndilankhule uthenga wa mawu, atumiza okha. Tikukwera pachulu pomwe netiweki imagwira. Tikudikira.

Yankho likubwera, kumbuyo kukumveka magalimoto ambiri:

"Eish, akalaliki! Pasiwedi sindingaikumbukire. Ili mu envulopu, ndinamata ndi selotepi pansi pa seva. Koma musadikire zimenezo. Zulani waya wa intaneti lero lomwe, wabuluu uja. Mukazula, mbwenu, palibe angalowe. Moni kwa bwana, muwauze tchuthi chikuyenda bwino."

Pasiwedi ili pansi pa seva. Seva ili kuseri kwa maloko atatu. Ndayenda mtunda wonsewu kuti ndiuzidwe kuti chimene ndikufuna chili mapazi khumi kuchokera pa desiki langa.

Pamsika wa Manyamula akundiimitsa a Zimba, makaniko wa mijigo, sipanala itamangidwa pakaliyala ndi mphira. Mjigo wa kumudzi kwawo waima masiku asanu ndi anayi. Amayi akutunga kudambo komwe zimamwa ng'ombe, ana awiri atsegula kale m'mimba. Akufuna kudziwa mapaipi ndi angati ndi silinda ndi ya mtundu wanji, kuti wopita ku Mzuzu Loweruka akagule zoyenera kamodzi. Popanda tsamba, ayenera kusonkhanitsa amuna n'kuzula zonse m'dzenje kuti aone ndi maso, ntchito ya tsiku lathunthu, ndipo paipi imodzi ikapulumuka m'manja, mjigo watha.

Tikuyesa pafoni yanga. Kanthu kakungozungulira. Ndikuti bwerani ku Boma Lachisanu, adada, ndikulemberani papepala.

"Yewo, adada. Imwe ndiye mumatisunga."

Madzulo, ku Boma, netiweki yabwerera. Ndikutsegula mndandanda wa zosintha zaposachedwa mu wiki. Nthawi zonse mumakhala dzina langa lokhalokha, kutsika mpaka pansi.

Lero pamwamba pali dzina lina. Zilembo zosakanikirana, ngati nkhuku yaponda pa kiyibodi. Walembetsa 2 koloko masana. Waika chithunzi chimodzi.

Ndikuchitsegula. Palibe chithunzi. Chotuwa basi.

2 koloko ndinali pa azakhali achiwiri.

Lachinayi

Bwana kulibe. Anyamuka m'mawa ndi galimoto ya bungwe, msonkhano ku Chikangawa mpaka Lamulungu. Mutu wa msonkhano: kasungidwe kamakono ka zolembedwa. Iwo ndi mmodzi wa ophunzitsa. Foni yozimitsa, malamulo a msonkhano.

Seva ikulira ngati chigayo cha dizilo. Zaka zonsezi inkangong'ung'udza pang'ono. Ndikuika dzanja pachitseko chachitsulo: chofunda. Pali munthu amene akuigwiritsa ntchito yolemetsa, ndipo si ife.

Zimene ndayesa lero, mwa ndondomeko yake:

Magetsi. Ndikuzimitsa switchi yaikulu ya nyumba yonse. Ofesi mdima, ketulo ya mayi NyaTembo yazizira, alonda akufuula. Seva ikupitiriza. Mabatire a sola! Mphatso ya abale athu akunja, kuti zolembedwa zisagone ngakhale tsiku limodzi. Mzimba yense amalira kuthima kwa magetsi, ine ndekha ndikukupempherera, ndipo chinthu chokhacho m'boma muno chimene sichithima ndi chimenechi.

Denga. Mbale ya intaneti ili pamwamba, waya wake ukulowa pansi pa malata. Ndikubwereka makwerero ku shopu ya matayala. Phazi pa sitepe yachitatu, mayi NyaTembo atulukira. "Yayi, akalaliki! Mbale ija ili m'kaundula wa katundu. Mukaikhudza, mbwenu ine ndilemba lipoti, ndipo sindikufuna kulemba za imwe." Alonda agwira makwerero, osati kuti ndisagwe, koma kuti ndisakwere. Ndatsika.

Pulinta. Inki inathera pa kalata ya Lolemba. Fomu yopempha ina ikudikira siginecha ya bwana.

Foni. Kujambula masamba pa sikirini. Tsamba limodzi likutenga mphindi zambiri kuti litseguke, ndipo foni ikuti yadzaza. Ndafufuta zithunzi za ubatizo wa mwana. Zalowa zitatu, zosawerengeka, kuwala kwa zenera kuli pakati.

Kope. Latsala ndi limeneli. Kope lachikuto cholimba, latsopano, ndagula ndekha.

Apa mpamene ndikumva ngati ndabwerera kwathu. Pensulo, rula. Kalaliki salemba pa tsamba lopanda mizere, anatiphunzitsa choncho. Danga la nambala, la mudzi, la kuya, la mapaipi, la silinda, la ndemanga. Ndikujambula masamba khumi ndi awiri pasadakhale kuti ntchito ikayamba isaime. Akuoneka bwino kwambiri. Ola lathunthu lapita.

Ndikuyamba pa mjigo nambala 1, monga fayilo iliyonse imayambira.

Dinani. Dikirani. Lembani. Dinani. Dikirani. Tsamba lililonse ndikulidziwa ngati nkhope. Uwu ndi uja anagwetseramo sipanala. Uwu ndi uja madzi ake amanunkha dzimbiri mwezi wa Okutobala. Uwu ndinataipa tsiku lomwe malipiro anachedwa ndili ndi njala.

Mayi NyaTembo andiikira tiyi pambali, shuga masupuni atatu. Akuyang'ana chitseko chachitsulo, akuyang'ana ine, akubwerera ku desiki lawo. Akutsegula kabati yawo, akutsekanso.

5 koloko, alonda akufuna kukhoma geti. Ndafika pa nambala 14.

Mu mndandanda wa zosintha, alendo tsopano ndi atatu. Palibe anapempha chilolezo cholembedwa.

Lachisanu

Ndafika ofesi isanatsegulidwe. 15, 16, 17. Tsamba lililonse likuchedwa kuposa linzake. 18. 19. 20.

21: "Tsamba ili kulibe."

Ndikubwerera ku 20, limene ndangolikopera kumene. Kulibe. Nambala 1. Kulibe. Tsamba loyamba la wiki yonse, la pakhomo, lilipo, dzina la bungwe ndi chithunzi cha bwana akupopa madzi atavala tayi. Kuseri kwake kulibe kanthu.

Ndikuika pensulo pansi. Seva yokha ikulira.

10 koloko, belu la njinga panja. A Zimba. Thalauza lomangidwa ndi mphira m'miyendo, thukuta lauma pakhosi n'kusiya mzere woyera. Anyamuka kusanache.

Apa mpamene ndikuzindikira. Dzulo tsiku lonse masamba anali kutseguka. Munthu mmodzi yekha padziko anandipempha tsamba limodzi, ndipo ndinamulonjeza. Ndikanangolitsegula loyamba. Mphindi zisanu. Koma mjigo wawo uli kutali pamndandanda, ndipo ine ndinayamba pa nambala 1, chifukwa fayilo imayambira pa nambala 1.

Izi sindingazikankhire kwa bwana. Ndayesa, sizikukankhika.

Ndikuwauza zoona. Akupempha kuona kope. Akutsegula pang'onopang'ono ndi chala chakuda ndi girisi, masamba olembedwa, kenako opanda kanthu aja.

"Mizere yanu njowongoka chomene, adada."

Akundibwezera ndi manja awiri. Akumwa madzi pampopi wa panja. Akukwera njinga.

Mayi NyaTembo aona zonse. Maso afiira. Akutsegula kabati, akutulutsa envulopu yodindidwa pamphepete, akuiika pa desiki pawo, dzanja lili pamwamba pake.

"Kiyi ali umu. Bwana anasiya dzulo m'mawa."

Dzulo m'mawa!

"Simunafunse. Ndipo ndikanakuuzani mukanandivutitsa, ine n'kulakwa. Bweretsani siginecha, chidindo ndili nacho, ndidinda pompano."

Ndikupempha. Ndikutchula ana a kudambo. Akulira ndithu, misozi yeniyeni, koma dzanja silikuchoka pa envulopu. Akuti ali ndi zaka ziwiri kuti apume pantchito ndipo fayilo yawo ilibe banga. Uthenga wa pafoni wochokera kwa bwana sungathandize, memo ikuti siginecha.

Masana, uthenga wa mawu wochokera kwa a Gondwe, kudzera kwa mkazi wawo. Akuti ndisataye mtima. Pambali pa seva pali kabokosi kakuda kolumikizidwa ndi waya waufupi. Sabata iliyonse seva imakoperamo zonse yokha. Ngati alendowo sanakafikeko, masamba ali mmenemo.

Ndataipa kalata ya chilolezo. Pulinta ilibe inki. Ndailemba pamanja.

Loweruka

Minibasi mpaka pamphambano ya msewu waukulu, kenako lole ya matabwa yobwerera kumtunda yopanda katundu. Ndakhala kumbuyo pamodzi ndi maunyolo. Chikangawa: nkhungu, mphepo yolowa m'mafupa, zitsa za paini mbali zonse. Jekete ndaiwala.

Pamalo a msonkhano mlonda akuti ndidikire nthawi ya tiyi. Ndaima pazenera. M'kati bwana ali kutsogolo ndi kandodo, pakhoma pakuwala chithunzi chachikulu. Ndi chitseko chathu, maloko onse atatu akuoneka bwino. Anthu akuwomba m'manja. Wina akujambula ndi foni kuti akachite chimodzimodzi kwawo.

Tiyi. Akutuluka ndi sikono m'manja, akundiona, nkhope ikusintha. Akundikokera kuseri kwa galimoto. Ndikuwauza kuti masamba apita.

"Chitseko chathyoledwa?"

Ayi.

"Ndiye musamalankhule mokweza."

Akusaina pa boneti. Akuwonjezera ndi cholembera chawo: alowe, aone, asakhudze kanthu. Sikono sakundigawira.

4 koloko ndili ku Boma. Mayi NyaTembo ndawatulutsa ku chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wawo, abwera ndi duku lonyezimira. Akuwerenga kalata yonse. Akudinda. Akulemba nthawi. Akung'amba envulopu ndi mpeni wa makalata, mosamala, kuti idzagwirenso ntchito.

Loko woyamba. Wachiwiri. Wachitatu, wouma, tikumuthira mafuta ophikira.

M'kati muli ngati uvuni wa njerwa. Mayi NyaTembo akutenga tsache.

Envulopu ya a Gondwe ilipodi, selotepi yasungunuka. Ndikutaipa pasiwedi. Yakana. Mosamala, chilembo chimodzichimodzi. Yakana. Kachitatu. Yakana. Eni ake atsopano asintha.

Pa sikirini pali tsamba loyamba lija. Maso anga akutsika pansi, pa nambala ya pulogalamu.

Ikuthera pa 9.

Ndikupukuta magalasi. 9.

Nambala 4 ya dongosolo langa yachitika. Yachitika bwino, pa nthawi yake, popanda memo.

Ndikutumiza uthenga ku Manyamula, Manyamula ikutumiza ku Joni, Joni ikuyankha: "Eish. Amatero amenewo. Akalowa amakonza okha kuti anzawo asalowerenso pomwepo. Mijigo yanu alibe nayo ntchito, akalaliki, akufuna makinawo, awakokere ngolo yawo. Masamba amangosesa kuti apeze malo. Onani kabokosi kaja."

Kabokosi kakuda. Kukachotsa ndi kukhudza kanthu. Kukalumikiza pa kompyuta yanga ndi kuphwanya (b). Ndikuyang'ana mayi NyaTembo. Akutembenuka, akuyamba kusesa khonde, kumbuyo kuli kwa ine, akuimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza. Zikomo, amama. Mwachedwa masiku awiri, koma zikomo.

Kabokosi kakutseguka msanga. Zinthu zopanda kanthu zimatseguka msanga. Muli fayilo imodzi ya dzina la nkhuku ija. Za mijigo mulibe ngakhale chilembo.

Sanabe n'komwe. Wakuba amatenga chinthu chifukwa wachiona kuti n'chamtengo. Awa angokankhira pambali zaka zanga zinayi monga umachotsera makoko a mtedza pampando.

Waya wabuluu. Ndikumugwira, ndikukoka. Watuluka mosavuta, ndi kaphokoso kakang'ono.

Patapita kanthawi chigayo chikutsika mawu.

Ntchito ya sekondi imodzi. Ndinauzidwa Lachitatu.

Takhomanso maloko onse atatu. Mayi NyaTembo alemba nthawi yotuluka.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Chifuwa cha ku Chikangawa chayamba. Ulaliki sindinaumve.

Masana, uthenga wa bwana, ali m'njira. Amva kwa mayi NyaTembo kuti nambala tsopano ikuthera pa 9. Akuthokoza antchito onse chifukwa pempho la kalata ija lakwaniritsidwa m'sabata imodzi. Lipoti la mwezi linene kuti sipanachitike kuthyola kulikonse, maloko ali bwinobwino. Waya ndibwezeretse mawa m'mawa, Lachiwiri kukubwera alendo odzaona chitseko. Za masamba, akuti popeza ndinawataipa ndine, ndiyenera kuti ndikukumbukira ambiri, ndiyambe kubwezeretsa pang'onopang'ono. Za kukhudza katundu popanda chilolezo, tikambirana.

Ndayesa kukumbukira. Ndikukumbuka wa sipanala uja. Mapaipi ake sindikukumbuka.

Ndibwezeretsa waya. Ndilemba lipoti. Ndili ndi ana.

3 koloko, foni. A Zimba, ali pachulu, mphepo ikuwomba m'mawu awo. Dzulo anasonkhanitsa amuna asanu ndi atatu, azula zonse kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Palibe paipi yagwera m'dzenje. Mmodzi chala chaphwanyika, amumanga. Wopita ku Mzuzu anali atanyamuka kale, ndiye zipangizo zidikira Loweruka linalo, amayi apitirize kudambo.

Sakundidzudzula. Zikanakhala bwino akanatero.

"Ndati ndikuuzeni, adada, mulembe penapake. Mapaipi khumi ndi anayi. Silinda yaing'ono ija."

Ndatsegula kope. Danga linali lokonzeka kale, lowongoka.

Mijigo imene bungwe lili ndi mbiri yake lero ndi makumi awiri ndi umodzi, yonse ya pensulo, m'chikwama changa. Womalizawo awerenga ndi manja.